Marcello Malpighi: Dokotala yemwe adasuzumira mkati mwa nyama ndi mitengo

Mayi aliyense amene adakonzapo nkhuku amadziwa kuti chiwindi n'chofewa, nthutumba n'njolimba, pomwe mapapo ndi a wofuwofu ngati siponji. Naye bambo amene adasendapo luzi amadziwa kuti khungwa lakunja n'lokhakhala, lamkati n'lonyowa komanso lovuta kudula, pomwe thima la mtengo ndi louma gwa.

Zonsezi zimaoneka ndi maso. Koma kwa zaka zambirimbiri panalibe amene ankadziwa chomwe chimasiyanitsa chiwindi ndi mapapo, kapena luzi ndi thima, ngakhale madokotala ophunzira kwambiri. Munthu amene adayamba kufufuza nkhaniyi mozama ndi Marcello Malpighi wa m'dziko la Italy, ndipo ntchitoyi idamubweretsera ulemu kunja koma udani kwawo.

Lero ana a sukulu za sekondale amaphunzira kuti thupi la nyama ngakhalenso la mmera lidapangidwa ndi matishu. Si pepala lofewa la m'golosale lija ayi, ngakhale mawu awiriwa adachokera kumodzi, ku liwu la Chifalansa lotanthauza chinthu cholukidwa ngati nsalu. Tishu ndi gulu la maselo ofanana omwe amagwira ntchito imodzi. Ambiri amati Malpighi ndiye tate wa phunziroli.

Mwana wa kumudzi

Malpighi adabadwa pa 10 March 1628 ku Crevalcore, kufupi ndi mzinda wa Bologna. Makolo ake adali ndi minda yawoyawo ndipo adakwanitsa kumutumiza ku yunivesite ya Bologna ali ndi zaka 17.

Tsoka lidamugwera ali ndi zaka 21 pomwe bambo ndi mayi ake adamwalira motsatizana, n'kumusiyira udindo wosamalira abale ake ndi chuma cha banja. Maphunziro adayamba aima. Koma mnyamatayu sadataye mtima. Adabwerera kusukulu ndipo m'chaka cha 1653 adalandira madigiri a udokotala ndi filosofi, ngakhale akuluakulu ena pasukulupo sankamufuna kaamba koti sadali mbadwa ya mumzindamo.

Mmodzi mwa aphunzitsi ake, Bartolomeo Massari, ankasonkhanitsa kagulu ka ophunzira kunyumba kwake komwe ankatumbula nyama n'kumaona okha za mkati. Malpighi adali m'kagulu kameneka, ndipo pambuyo pake adakwatira mchemwali wa mphunzitsiyo, Francesca.

Nthawi imeneyo udokotala udali woloweza. Chilichonse chinkachokera m'mabuku a Galen, dokotala wa Chigiriki yemwe adamwalira zaka pafupifupi 1,400 Malpighi asanabadwe. Malinga ndi chiphunzitso chakalecho, ziwalo monga chiwindi, kapamba ndi mapapo zidali chabe mnofu wopangidwa ndi magazi oundana. Wotsutsa zimenezi ankaoneka wamwano.

M'chaka cha 1656 Malpighi adaitanidwa kukaphunzitsa ku yunivesite ya Pisa. Kumeneko adapalana ubwenzi ndi katswiri wa masamu, Giovanni Borelli, yemwe ankakhulupirira kuti thupi limayenda ngati makina ndipo munthu angathe kulimvetsa poliyeza ndi kuliyang'anitsitsa. Adabwerera ku Bologna mu 1659 atagwiritsitsa maganizo amenewa, komanso chipangizo chomwe madokotala ambiri ankachiyesa choseweretsa: maikulosikopu, galasi lokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso.

Achule adaulula chinsinsi

Chaka chomwe Malpighi adabadwa, dokotala wa ku England, William Harvey, adatulutsa buku lonena kuti magazi amazungulira m'thupi. Mtima umawapopa kudzera m'mitsempha ina, ndipo amabwerera kudzera m'mitsempha inanso. Koma padali mpata umodzi womwe Harvey adalephera kutseka. Magaziwo amawoloka bwanji kuchoka mumtsempha wopita kukalowa mumtsempha wobwerera? Harvey adamwalira mu 1657 asadaone yankho.

Malpighi adayamba ndi mapapo a agalu ndi nyama zina. Ankawatsuka ndi madzi mpaka magazi onse atachoka, kenako n'kuwauzira mpweya, n'kuwaumitsa. Atawayang'ana pagalasi adapeza kuti mapapo si mnofu wa magazi oundana ayi, koma timatumba tambirimbiri ta mpweya, tokhala ndi zikupa zopyapyala, tolumikizana ngati zisa za njuchi. Masiku ano zimadziwika kuti munthu wamkulu ali ndi timatumba totere toposa 300 miliyoni.

Koma timitsempha ta m'mapapo a nyama zikuluzikulu sitinkaoneka bwino. Apa mkuluyu adaganiza zoyesa nyama yonyozeka, chule, yemwe mapapo ake ndi opyapyala moti kuwala kumadutsa. Adatumbula achule ochuluka zedi moti iye mwini adachitapo nthabwala kuti adatsala pang'ono kuwatha mtundu.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamapapo a chule, Malpighi adaona timitsempha tochepetsetsa kuposa tsitsi, tolukana ngati ukonde, tolumikiza mtsempha wopita ndi wobwerera. Magazi samwazikira mumnofu monga ankaganizira akale. Nthawi zonse amayenda m'njira zawo. Adalemba zimenezi m'makalata awiri opita kwa Borelli omwe adasindikizidwa mu 1661. Mpata womwe Harvey adausiya udatsekeka.

Apa mpomwe padayambira njira yomwe adaitsata moyo wake wonse: chinthu chikavuta kuona mwa munthu, kachifufuze mwa cholengedwa chaching'ono, pakuti chilengedwe chimabwereza luso lomwelo m'malo osiyanasiyana.

Lilime, khungu ndi impso

Mu 1662 adasamukira ku yunivesite ya Messina pachilumba cha Sicily, komwe adakhala zaka zinayi. Kumeneko adawiritsa lilime la ng'ombe n'kumalisenda pang'onopang'ono, ndipo adapeza timatuza tolumikizana ndi minyewa. Adazindikira kuti timeneti n'tomwe timathandiza nyama kumva kukoma kwa chakudya. Adapezanso timatuza tofananako pansi pa khungu la m'manja ndi kumapazi, ndipo adati kumva kukhudza kumayambira pamenepo.

Pofufuza khungu adapeza kuti lili ndi magawo angapo osanjikizana. Pansi pa gawo lakunja louma pali gawo lina lofewa lomwe mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake. Iye adaona kuti kuda kwa khungu la munthu wakuda kumakhala m'gawo lopyapyala limeneli. Akatswiri a masiku ano adatsimikiza kuti maselo opanga mtundu wa khungu amakhala pamenepo, ndipo chiwerengero chawo n'chofanana ndithu mwa anthu a mitundu yonse. Chosiyana ndi kuchuluka kwa utoto womwe amapanga.

Mu 1666, chaka chomwe adabwerera ku Bologna, adatulutsa buku lofotokoza chiwindi, kapamba ndi impso. Pofuna kuona mkati mwa impso, adathira madzi akuda mumtsempha wolowetsa magazi, kenako n'kuidula. Adaona timibulu tambirimbiri takuda tolendewera kumitsempha ngati zipatso mumtengo, ndipo adati apa mpomwe mkodzo umasiyanirana ndi magazi.

Adalondola. Impso iliyonse ya munthu ili ndi timasefa totere pafupifupi 1 miliyoni, ndipo tsiku lililonse impso ziwiri zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180. Ambiri amabwerera m'magazi, n'kutsala lita imodzi ndi theka kapena kuposera pang'ono yomwe imatuluka ngati mkodzo. Timibulu timeneti natonso timadziwika ndi dzina la Malpighi.

Sikuti zonse ankalondola. Ataona maselo ofiira a m'magazi koyamba adawayesa timadontho ta mafuta. Ubongo nawo adauyesa chiwalo chosefa madzi monga impso. Magalasi a nthawi imeneyo adali osalongosoka, ndipo nthawi zina diso linkaona zomwe mtima unkayembekezera.

Kalata yochokera ku London

Mbiri ya ntchito yake idafika ku England. Mlembi wa bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society, Henry Oldenburg, adamulembera kalata yomupempha kuti azitumiza zomwe wapeza. Malpighi adasankha kufufuza mbozi yomwe imapanga ulusi wa silika, yomwe idali chuma chachikulu ku Bologna.

Kutumbula mbozi si masewera. Adagwira ntchitoyi miyezi yambiri mpaka maso adatupa, thupi n'kutentha. Koma adapeza zodabwitsa. Mbozi ilibe mapapo. Imapuma kudzera m'timabowo ta m'mbali mwa thupi, ndipo mpweya umayenda m'timapaipi tofika paliponse. Atatseka timabowoto ndi mafuta, mbozi idafa. Adapezanso timachubu tina tolumikizana ndi matumbo, tomwe lero timadziwika kuti timagwira ntchito ya impso mwa tizilombo touluka ndi tokwawa.

Buku la mboziyo lidasindikizidwa ku London mu 1669, ndipo chaka chomwecho bungwelo lidamulandira ngati membala. Kuchokera apo mabuku ake ambiri ankasindikizidwa kumeneko, kuphatikizapo la mu 1673 lofotokoza momwe mwanapiye amaumbikira m'dzira: momwe msana, ubongo, mtima ndi mitsempha zimayambira, ola ndi ola, thadzi likamafungatira.

Nthambi yothyoka

Chidwi chake pa zomera chidayamba adakali ku Messina. Akuti tsiku lina akuyenda m'munda wa bwenzi lake adathyola nthambi ya mtengo wa chestnut, ndipo adaona timaulusi tikutuluka pothyokapo. Atatiika pagalasi adapeza kuti ndi timapaipi tokhala ndi zikupa zopotana ngati sipuling'i.

Adafufuza zomera kwa zaka zambiri ndipo buku lake lalikulu, Anatome Plantarum, lidatuluka m'magawo awiri, mu 1675 ndi mu 1679, lili ndi zithunzi zojambula yekha. Nthawi yomweyo ku England dokotala wina, Nehemiah Grew, ankachita kafukufuku wofanana, ndipo awiriwa ndiwo amatengedwa ngati oyambitsa phunziro la za mkati mwa zomera.

Poona kuti timapaipi topotana tija tikufanana ndi ta mbozi, Malpighi adaganiza kuti mtengo umapumira mmenemo. Apa njira yake yofanizira idamusocheretsa. Timapaipito timanyamula madzi ndi mchere wa m'nthaka kuchokera kumizu kupita kumasamba. Kopumira kwenikweni ndi timabowo ta pamasamba, tomwe adationa n'kutijambula koma osadziwa bwino ntchito yake.

Koma pa nkhani ya khungwa adalasa pamutu penipeni. Adasenda khungwa la mtengo mozungulira thunthu lonse, n'kudikira. Patapita nthawi, mbali ya pamwamba pa chilondacho idatupa, pomwe ya pansi sidakule. Iye adati izi zikusonyeza kuti masamba amakonza chakudya, ndipo chakudyacho chimatsika kudzera m'khungwa lamkati. Chikapeza njira yaduka, chimaunjikana pamwamba.

Khungwa lamkati limenelo ndi luzi lomwe anthu amamangira nyumba ndi mitolo ya nkhuni. N'chifukwa chake mtengo wosendedwa mozungulira, kaya ndi wofuna mng'oma wa njuchi, wofuna mankhwala kapena mbuzi yanjala, suuma tsiku lomwelo. Madzi amakwerabe kudzera mkati mwa thunthu ndipo masamba amakhalabe obiriwira kwa kanthawi. Koma mizu imakhala ikufa ndi njala, ndipo ikatha mphamvu mtengo wonse umauma. Wosenda mbali imodzi yokha amausiyira mtengo njira ya chakudya.

Malpighi adasonyezanso kuti zotupa zambiri zomwe zimamera pamasamba ndi panthambi zimayamba kachilombo kakaikira mazira mmenemo. Adajambulanso timibulu ta kumizu ya mbewu za m'gulu la nyemba, koma adatiyesa zotupa za mtundu womwewo. Padapita zaka zoposa 200 akatswiri asadazindikire, m'zaka za m'ma 1880, kuti m'timibulumo mumakhala mabakiteriya omwe amatenga nayitirojeni mumpweya n'kudyetsa mbewu. Ichi n'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kasinthasintha wa chimanga ndi mtedza, soya kapena nandolo.

Kodi zimenezi zichiza ndani?

Pomwe ku London ankamuombera m'manja, ku Bologna anzake ena ankamukukutira mano. Wotsogolera adaniwo adali pulofesa mnzake, Giovanni Girolamo Sbaraglia. Udani wawo sudali wa m'kalasi mokha. Mabanja awiriwa ankalimbirana malire a minda, ndipo mu 1659 mchimwene wake wa Malpighi, Bartolomeo, adapha mchimwene wake wa Sbaraglia pamkangano. Chilonda chimenechi sichidapole.

Komabe funso lomwe Sbaraglia adafunsa m'kabuku kake ka mu 1689 silidali lopusa. Iye adati dokotala ntchito yake n'kuchiza odwala, tsono kuyang'ana mbozi, achule ndi makungwa a mitengo kwachiritsapo ndani? Kodi kudziwa timibulu ta mu impso kwasinthapo mankhwala omwe wodwala impso amamwa?

Kunena zoona, panthawiyo padalibe wodwala yemwe Malpighi akadamuloza kuti wachira chifukwa cha maikulosikopu. Iye mwini ankachiza anthu ndi mankhwala omwewo a madokotala anzake, ndipo ankavutika ndi miyala ya mu impso yomwe sadathe kudzichiza.

Yankho lake lidali lakuti thupi lidapangidwa ndi timakina ting'onoting'ono: timaulusi, timapaipi, timasefa ndi timatumba. Matenda amabwera kamodzi mwa timeneti kakaonongeka, ndipo dokotala wosadziwa mmene timakinato tidakhalira amangochiza mongoyerekeza. Maganizo amenewa sasiyana ndi zomwe mwini chigayo aliyense amadziwa: wosadziwa za mkati mwa injini sangaikonze, angoimenya ndi sipanala.

Mavuto sadathere pa mikangano. Mu 1684 nyumba yake idapsa, ndipo moto udaononga magalasi ake, mabuku ndi zolemba za zaka zambiri. Adali ndi zaka za m'ma 50, thanzi lake lili lofooka kale.

Zomwe zidamera pa maziko ake

Nthawi ndiyo idaweruza mlanduwu, ngakhale idachedwa. Cha m'ma 1800 dokotala wa ku France, Xavier Bichat, adagawa thupi la munthu m'mitundu 21 ya matishu ndipo adati matenda amagwira tishu, osati chiwalo chonse nthawi imodzi. Mu 1838 ndi 1839 akatswiri awiri a ku Germany, Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann, adasonyeza kuti zomera ndi nyama zomwe zidapangidwa ndi maselo. Mu 1858 Rudolf Virchow adaphunzitsa kuti matenda amayambira m'maselo.

Lero matishu a nyama ndi munthu amagawidwa m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi lokuta ndi kuyala: khungu lakunja, nembanemba ya mkamwa ndi m'matumbo, komanso zikupa za timatumba ta m'mapapo tomwe Malpighi adationa. Ntchito yake n'kuteteza, kuyamwa chakudya ndi mpweya, ndi kutulutsa zinthu monga thukuta ndi malovu.

Gulu lachiwiri ndi lomanga ndi kulumikiza: mafupa, chicherewechere, mafuta, ngakhalenso magazi. Lachitatu ndi minofu yomwe imakokeka n'kumasuka, ndipo ilipo ya mitundu itatu: yoyendetsa mafupa, ya mtima, ndi ya m'matumbo ndi m'mitsempha yomwe imagwira ntchito mwini wake osaiuza. Lachinayi ndi la minyewa, ubongo ndi fupa la msana mkati mwake, lomwe limanyamula mauthenga.

Zomera nazo zili ndi magulu awo. Kunsonga za nthambi ndi mizu kuli maselo omwe amagawikana mosalekeza, ndipo ndiwo amatalikitsa mmera. Pakati pa luzi ndi thima pali ena omwe amanenepetsa thunthu. Pali tishu yokuta kunja yomwe imateteza mmera kuti usaume. Pali yodzaza mkati yomwe imakonza chakudya m'masamba ndi kuchisunga, monga ufa wa mu chinangwa ndi mbatata. Pomaliza pali njira ziwiri zija: xylem yokweza madzi, ndi phloem yonyamula chakudya chokonzedwa m'masamba.

Funso la Sbaraglia lidayankhidwa m'zipatala. Dokotala akakayikira chotupa cha m'bere, cha khomo la chiberekero kapena cha pakhungu, amadula kanyama kakang'ono n'kukatumiza kulabotale. Kumeneko amakadula mopyapyala, kukathira utoto, n'kukayang'ana pa maikulosikopu. Zomwe aona n'zomwe zimanena ngati ndi khansa kapena ayi, komanso chithandizo choyenera. Imeneyi ndi ntchito yomwe Malpighi adaiyamba ndi mapapo a chule.

Masiku otsiriza

Mu 1691 Papa Innocent XII, yemwe adadziwana ndi Malpighi pomwe ankatumikira ku Bologna asadakhale papa, adamuitana ku Rome kuti akakhale dokotala wake. Udali ulemu waukulu kwa munthu yemwe kwawo ankanyozedwa. Koma sadaudyerere nthawi yaitali.

Mu July 1694 adadwala sitiroko yomwe idapha ziwalo mbali imodzi. Patangopita masabata ochepa mkazi wake Francesca adamwalira. Kumapeto kwa November chaka chomwecho sitiroko idabweranso, ndipo Malpighi adatsikira kulichete ali ndi zaka 66.

Asadamwalire adasiya mawu oti thupi lake lidzatumbulidwe kuti madokotala aphunzirepo. Wophunzira wake, Giorgio Baglivi, adachita zimenezo ndipo adapeza magazi ambiri oundana mu ubongo komanso impso ya kumanja yoonongeka. Mtembo wake adakauika m'tchalitchi cha Santi Gregorio e Siro ku Bologna. Yankho lake kwa Sbaraglia lidasindikizidwa ku London mu 1697, mwini wake atagona kale.

Lero chipatala chachikulu cha mumzinda wa Bologna chimatchedwa Sant'Orsola-Malpighi. Akatswiri a zomera nawo adapatsa dzina lake mtengo wina wa zipatso wa ku America, Malpighia, ndipo kuchokera pamenepo gulu lalikulu la zomera lidatchedwa Malpighiales. M'gulu limeneli muli chinangwa, nsatsi ndi masuku, zomwe zimapezeka m'Malawi muno.